Oyimba a m'tabuleti: mungawadalire mpaka pati?

Funso lafika kuchokera kwa mayi amene amatsogolera kwaya ya achinyamata ku Chibavi. Mlongo wawo wa ku Johannesburg anawatumizira iPad yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo akufuna kujambula nyimbo zinayi za kwayayo. Ndalama ya situdiyo ndi yolipira oyimba zida palibe. Atamva kuti m'tabuletimo muli oyimba ng'oma, besi ndi kiyibodi ongopangidwa ndi pulogalamu, anawayesa. Alemba kuti: "Nyimbo yatuluka yoyera bwino, koma si yathu. Anzanga akuti ikumveka ngati yakunja ndipo miyendo ikukana kuvina. Ndalakwitsa pati? Kapena ndingosiya, tidikire mpaka tidzapeze ndalama ya bandi?"

Achemwali, musasiye. Makutu a anzanuwo sakunama, koma vutoli lili ndi mankhwala. Ndakhala ndikujambula makwaya kuno ku Mzuzu kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi imene tinkadalira kiyibodi imodzi ndi kompyuta ya pa desiki, ndipo dandaulo lanuli ndinayamba kulimva oyimba a m'tabuletiwa asanabwere.

Tiyambire pa chimene mukuchidziwa kale. Kutchalitchi kwanu mwina kuli kiyibodi ya Yamaha ya mtundu wa PSR. Mnyamata woyimba amasankha sitayilo, n'kudina ACMP, ndipo dzanja lake lamanzere likagwira kodi (manoti angapo olira pamodzi) ya G, ng'oma, besi ndi gitala zimalowa limodzi. Akasamukira ku C, zimamutsatira. Oyimba a m'tabuleti ndi zidzukulu za nzeru yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti sitayilo ya kiyibodi imabwereza chinthu chimodzimodzi mpaka mutadina batani lina, pamene woyimba wa m'tabuleti amapanga kayimbidwe katsopano pa chigawo chilichonse cha nyimbo, malinga ndi makodi amene mwalemba ndi malamulo amene mwamupatsa. Nzeruyi ndi yakale. Pulogalamu ya Band-in-a-Box, ya kampani ya PG Music ya ku Canada, inayamba kuchita zimenezi pa kompyuta mu 1990. Apple inatulutsa pulogalamu yojambulira nyimbo ya GarageBand pa iPad mu 2011, ili ndi zida zotha kudziyimba zokha ukangokhudza kodi. Woyimba ng'oma wotchedwa Drummer anayambira mu Logic Pro X, pulogalamu inanso ya Apple yojambulira nyimbo pa kompyuta ya Mac, mu 2013, n'kufika mu GarageBand ya iPad mu 2016. Logic Pro inafika pa iPad mu Meyi 2023, ndipo mu Meyi 2024 anawonjezeramo Bass Player ndi Keyboard Player, n'kuwapatsa atatuwa dzina limodzi lakuti Session Players.

Ndakutchulirani mbiriyi kuti muone kumene oyimbawa anakulira. Masitayilo awo ndi rock, pop, R&B, hip hop ndi nyimbo za m'makalabu a ku Ulaya ndi America. Palibe mmodzi mwa iwo amene anaimapo pabwalo la malipenga ku Nkhata Bay kapena kuona ingoma ya ku Mzimba. Mukawasiya kuti aziyimba zimene akudziwa, adzayimba za kwawo, ndipo adzaziyimba bwino kwambiri. Ndicho chimene chachitika ndi nyimbo yanu. Mwana wa mlendo salakwa akamalankhula chinenero cha makolo ake. Ntchito yanu ndi kukhala mtsogoleri wa bandi, monga mmene muliri mtsogoleri wa kwaya, ndi kumuuza aliyense pamene alowe, pamene achepetse ndi pamene akhale chete.

Musanapite patali, onani kaye mtundu wa iPad yanu, pa Settings, General, About. GarageBand ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa ma iPad akale ndithu. Logic Pro itatuluka inkafuna iPad yokhala ndi chip ya A12 Bionic kapena yoposa apo, monga iPad ya m'badwo wa 8 ya 2020 kapena iPad Air ndi iPad mini za 2019, ndipo eni ake ananena kuti ma Session Players amayenda bwino koposa pa ma iPad a chip ya M. Logic ya iPad sigulidwa kamodzi, imalipiridwa mwezi ndi mwezi. Mu 2023 mtengo unali madola 4.99 pamwezi kapena 49 pachaka. Mukakumbukira kuti mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, muona kuti ngongole ya madola siyofunika kuilowa mothamanga. Ine ndinganene kuti yambirani mu GarageBand. Ntchito imene mwayambira mmenemo imatseguka mu Logic, choncho mungathe kukonza nyimbo zinayi zonse kaye, n'kudzalipira mwezi umodzi kapena iwiri pomaliza. Mapaketi a mawu a zida ndi aakulu, amadya bandulo. Akatengeni pamalo pamene pali Wi-Fi. Mukawatenga, oyimbawo safunanso intaneti, ndipo magetsi akazima tabuleti imapitirira ndi batire yake, chimene kompyuta yanga ya pa desiki sichita. Anzanu amene ali ndi matabuleti a Android ali ndi BandLab, FL Studio Mobile ndi Cubasis zojambulira, komanso iReal Pro yoyeserera makodi ndi bandi. Zambiri zimene ndinene pano ziwathandizanso.

Makodi ndiye chakudya cha oyimbawa. Mu Logic muli mzere wapadera pamwamba wotchedwa Chord Track, ndipo besi ndi kiyibodi zimawerenga mmenemo. Mukatsegula woyimba watsopano, pulogalamu imatha kukuikirani makodi akeake achitsanzo. Afufuteni. Lembani anu. Poti kwaya yanu imaphunzira ndi doh, re, mi, simufunika sukulu ina: makodi atatu amene amanyamula makolasi athu ambiri ndi a doh, fah ndi soh. Mu kiyi ya G amenewa ndi G, C ndi D. Mu kiyi ya F ndi F, B flat ndi C. Pali kanthu kamodzi kamene anthu ambiri amakaphonya. M'nyimbo zambiri za kuno ndi za kumwera kwa Africa, tikachoka pa fah timabwerera pa doh koma mabesi a kwaya ali pa soh, kenako n'kulowa mu kodi ya soh yeniyeni. Mu G, kodi imeneyo imalembedwa G/D. Mukalemba G yokha, Bass Player adzagunda G pamene anyamata anu a besi akuyimba D, ndipo pansi pa nyimbo padzakhala matope amene simudzawachotsa ndi batani lililonse. Khalani pansi ndi mnyamata mmodzi wa besi, ayimbe mzere wake pang'onopang'ono, muzilemba.

Sankhaninso kiyi ndi anthu ali pomwepo. Pulogalamu imayambira mu C, ndipo ndaona atsikana a soprano akudzikakamiza mpaka mawu kusasa chifukwa chakuti wojambula anachita ulesi kusintha kiyi. Ubwino wa oyimba a m'tabuleti ndi umenewu: mukatsitsa makodi onse, amatsika nawo osadandaula.

Koma pagona nkhani ndi pa ng'oma. Yesani izi pompano pamene mwakhalapo. Pondani phazi kanayi mofanana, ndipo pa kuponda kulikonse nenani "ta-ka-ta". Mwanena timawu 12 pa mapazi anayi. Olemba nyimbo amatcha kagundidwe kameneka 12/8, ena amakadula pakati n'kukatcha 6/8. Makolasi ambiri amene timavina popita kukapereka chopereka amayenda chonchi. Tsono pamwamba pa mapaziwo manja amaomba mwa njira ina: phazi likaponda kawiri, manja aomba katatu. Kukokana kwa ziwiri ndi zitatu kumeneku ndiko kumagwedeza mapewa munthu asanaganize zovina. Mudzakumva m'ng'oma za vimbuza, gule wa Atumbuka amene UNESCO inamuzindikira mu 2005. Sindikunena kuti mulowetse vimbuza m'tchalitchi ayi. Ndikunena kuti khutu la munthu wokulira kuno linaleredwa ndi kagundidwe kotere, ndipo limakafuna ngakhale m'nyimbo ya Mulungu. Ngakhale malipenga, amene anatengera perete wa asilikali, ali ndi kachedwedwe kakekake kamene palibe batani lake.

Pamenepo Logic imatseguka ili pa 4/4 ndi liwiro la 120, ndipo Drummer amagawa kuponda kulikonse pawiri kapena panayi, n'kumenya snare, kang'oma kolira mokuthwa, pa kuponda kwachiwiri ndi kwachinayi. Kwaya yanu ikugawa patatu, iye akugawa pawiri. Onse akuponda nthawi imodzi, n'chifukwa chake simukumva cholakwika chenicheni choti muloze ndi chala, koma pakati pa mapaziwo akukangana. Miyendo ya anzanu yamva mkangano umenewo.

Anthu ambiri amathamangira ku batani la Swing. Limathandiza pang'ono, koma dziwani chimene limachita. Limachedwetsa kagundidwe kachiwiri pa tiwiri tilitonse, kotero kuti "ta-ka" wofanana amasanduka "taa-ka". Mukalikweza mpaka kachiwiriko kagwere pa magawo awiri mwa atatu a kuponda, kamagwera pamalo pa "ta" womaliza wa "ta-ka-ta". Koma "ka" wapakati uja palibe amene akumumenya, ndipo kuomba m'manja kwathu kumadutsa pomwepo. Zotsatira zake zimamveka ngati blues ya ku America. Njira ina ndi kusintha nyimbo yonse kukhala 6/8, ndipo GarageBand imalola 4/4, 3/4 ndi 6/8. Yesani, koma nthawi zambiri Drummer akaona 6/8 amayimba ngati nyimbo yachikondi yoyenda pang'onopang'ono, ndi snare yolemera pakati pa bar, kagawo ka nyimbo kamene kuwerenga mapazi kumayambiranso kakatha. Pa nyimbo yosinkhasinkha zimenezo zingakhale bwino. Pa kolasi yovina ayi. Samalaninso ndi manambala a liwiro mukakhala mu 6/8, chifukwa Logic imawerenga liwiro ndi noti ya kota: ngati phazi lanu likuponda ka 100 pa mphindi, nambala yolemba ndi 150.

Chimene ndimachita ine ndi ichi. Munthu ndiye amayamba, makina n'kumatsatira. Ndimapeza liwiro pogogoda pa Tap Tempo kwaya ikuyimba mmene imayimbira Lamlungu, osati mmene imayimbira ikuopa maikolofoni. Kenako ndimajambula chisekese kapena maseche kuyambira poyamba mpaka pomaliza, woyimbayo atavala mahedifoni akumva metironomu, kogogoda kosunga liwiro. Pambuyo pake ng'oma imodzi yamanja, ndi anthu atatu kapena anayi oomba m'manja. Zimenezi sizifuna ndalama. M'kwaya iliyonse muli mtsikana amene maseche ake amaimitsa mpingo wonse. Pokhapokha izi zitakhala pansi m'pamene ndimaitana Drummer, ndipo ndimamulanda pafupifupi zonse. Ndimazimitsa snare, ma tom ndi ma cymbal pokhudza zithunzi zake, n'kutsala ndi kick, ng'oma yaikulu ya pansi, yogunda pa phazi lililonse. Mu GarageBand muli bwalo lokhala ndi kadontho kosuntha; kakokereni cha ku Simple ndi ku Soft. Mu Logic tsitsani Complexity ndi Intensity, kapena lowani pa Manual mudzilembere nokha pamene kick igunde. Palinso Follow, imene imauza Drummer kuti atsatire kagundidwe ka mzere wina. Mulozereni ku ng'oma yamanja ija, mumvetsere ngati wagwira. Akapanda kugwira, musalimbane naye.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Zaka zingapo zapitazo ndinajambula kwaya ya amayi, ndipo ndinakonza ng'oma zonse pa makina, zoongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Tsiku lokamvera nyimbo amayi anakhala pa mabenchi manja ali pamiyendo. Anathokoza mwaulemu, koma palibe anadzuka. Bambo wina wachikulire amene anawaperekeza, woyimba ng'oma wa kunyanja, anandipempha ndowa yapulasitiki imene inali pakhomo, n'kuyamba kuigogoda pamwamba pa nyimbo yomweyo. Vesi isanathe amayi anali ataimirira. Tinajambula ndowayo tsiku lomwelo, ndinachotsa theka la ng'oma zanga, ndipo kuyambira pamenepo sindinayambenso nyimbo ya kwaya ndi makina.

Pali batani lina limene limawononga nyimbo zathu mwakachetechete: Fills. Drummer amakonda kugubuduza ng'oma kumapeto kwa chigawo chilichonse, pokonzekera kulowa m'chigawo chotsatira. Kwawo zimenezo n'zabwino, chifukwa pamalo amenewo woyimba mawu amakhala akupuma. Kwathu ndi pamalo pomwepo pamene wotsogolera amaitana, kwaya isanavomere. Inu mukuti muponye mzere woti anzanu aulandire, iye akugubuduza pamwamba pa mawu anu. Tsitsani Fills mpaka pansi, ndipo ngati mukufuna kugubuduza kumodzi, kuikeni pamene palibe akulankhula, monga pakati pa kolasi yomaliza ndi kubwereza kwake. Dziwaninso kuti GarageBand imayamba ndi chigawo cha ma bar 8. Nyimbo zathu sizimvera nambala imeneyo nthawi zonse. Pali makolasi a ma bar 6, pali mavesi amene amatalika chifukwa mawu achuluka. Sinthani kutalika kwa chigawo kuti kugwirizane ndi nyimbo. Musadule mawu a nyimbo kuti akwane m'bokosi.

Besi ndi nkhani inanso imene ndimaimva kuwawa. Besi ya kuno imayimba, siingoima pa muzu wa kodi. Tinakula tikumva rumba ya ku Congo, sungura ya ku Zimbabwe ndi reggae, ndipo m'zonsezi besi ili ndi kanyimbo kake kamene munthu angathe kukaimba ndi pakamwa. Bass Player mukamuchepetsa amangogunda muzu. Mukamukweza amayamba kudumphadumpha mwa funk, ndi kutsetsereka pa nsambo kumene sikugwirizana ndi kwaya. Pakati pa ziwirizi mulibe besi yathu. Komabe mawu a chida chake, Studio Bass, ndi abwino zedi, ndipo timaphokoso ta zala pa nsambo timachititsa kuti amveke ngati munthu. Ndiye mulekeni ayimbe pa Complexity yotsika, kenako sankhani chigawocho n'kuchisandutsa MIDI. Chikasanduka MIDI, noti iliyonse imaoneka ngati kanjerwa kamene mungakasunthe ndi chala. Itanani mnyamata wa besi uja, ayimbe ndi pakamwa mzere umene akuumva mumtima pansi pa kolasi, inu muzisuntha tinjerwato mpaka tifanane ndi zimene akuyimba. Ngati nyimbo ili pa 4/4, ikani gridi, mizere imene tinjerwato timakhalapo, pa 1/8 T kuti tigwere pa "ta-ka-ta". Ma bar anayi okha akakhala bwino, mwatha, chifukwa kolasi imazungulira. Ntchito imeneyi ingakutengereni madzulo athunthu pa nyimbo yoyamba, ndipo ndi madzulo amene adzasinthe nyimboyo kuposa china chilichonse.

Dziwani kuti mukasandutsa MIDI, chigawocho chimaleka kukhala woyimba wodzisintha yekha, choncho tsimikizani kiyi ndi makodi musanatero, ndipo sungani kope la choyambacho.

Kumbukiraninso kumene nyimboyi idzamvekere. Anthu ambiri adzaimva pa foni, pa kasipika ka Bluetooth pa msika wa Taifa, kapena m'minibasi yopita ku Ekwendeni. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi imalira pa 41 Hz, ndipo sipika ya foni siingatulutse mawu otsika chotero. Ngati besi yanu ili pansi penipeni, m'mahedifoni idzamveka yonona koma pa foni idzasowa. Ikwezeni pang'ono m'mwamba, kapena sankhani besi yowala. Nyimbo iliyonse muimvere pa foni yotchipa musanaivomereze.

Za kiyibodi sindichulutsa. Keyboard Player ali ndi manja awiri ndipo mungathe kuzimitsa limodzi. Zimitsani lamanzere, chifukwa pansi pali kale besi ya gitala ndi mabesi a kwaya. Sankhani Simple Pad kapena Block Chords, osati masitayilo othamangitsa zala. Kwaya ya mawu anayi ikuyimba kale kodi yathunthu; kiyibodi ingokhala ngati mphasa yoyala pansi kuti anthu asatsike kiyi.

Gitala ndiye musaiyembekezere kwa makina. Pa oyimba atatu a mu 2024 aja panalibe wa gitala, ndipo gitala yodziyimba ya mu GarageBand imakwapula makodi mwa njira imene aliyense amazindikira kuti si munthu. Ngati kwaya ili ndi kandalama kochepa kolipira woyimba mmodzi, kapite kwa wa gitala. Ku Chiputula, ku Mchengautuwa, ku Zolozolo kuli anyamata amene amayimba m'matchalitchi Lamlungu lililonse ndipo sanajambulidwepo. Mmodzi wa iwo, ndi gitala yake yolowetsedwa mu tabuleti, adzaika m'nyimbo zinayi zonse chinthu chimene anzanu akuchisowa. Ndikunena izi ndi mtima wonse, chifukwa ndimaopa tsiku limene ana athu adzaleke kuphunzira zida poganiza kuti tabuleti yakwanira. Oyimba a m'tabuleti alowe pamene palibe munthu, osati pamene munthu alipo koma taona kuti kumuitana n'kovuta.

Pojambula mawu, mahedifoni akhale a waya. A Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono, ndipo woyimba amene akutsatira zimene akumva adzakhala m'mbuyo nyimbo yonse. Maikolofoni ya m'tabuleti ingakwanire poyeserera, koma pa kujambula kwenikweni bwerekani kabokosi kotchedwa audio interface, monga Focusrite Scarlett kapena Behringer UMC22. Onani polowetsera pa iPad yanu: zatsopano zili ndi USB-C, zakale zili ndi Lightning ndipo zimafuna adaputa, makamaka yokhala ndi polowetsera chaja kuti kabokosiko kapeze mphamvu yokwanira. Maikolofoni ya condenser imafuna kuti mudine batani la 48V. Musajambule kwaya yonse ya anthu makumi awiri pa maikolofoni imodzi nyimbo ikulira pa sipika, chifukwa ng'oma zidzalowa m'mawu ndipo simudzazipatula. Tengani anthu awiri kapena atatu pa liwu lililonse, soprano, alto, tenor ndi besi, gulu limodzi pa nthawi, ndipo gulu lililonse liyimbe kawiri. Zikaphatikizidwa zimamveka ngati kwaya yodzaza. Inu wotsogolera jambulani mawu anu achitsogozo poyamba kuti enawo azikutsatirani, n'kudzawajambulanso bwino pomaliza.

Mzuzu ndi wa mvula, ndipo denga la malata silibisa dontho ngakhale limodzi. Sankhani chipinda cha siling'i, chokhala ndi makatani ndi matiresi oimika kukhoma, kutali ndi msewu wa njinga zamoto. M'miyezi ya Juni ndi Julayi musaitane anthu mamawa. Mawu amakhala asanatseguke ndi kuzizira.

Nyimbo za kwaya zimakonda kuchedwa kumapeto, pamene aliyense akuyang'ana dzanja la wotsogolera. Mu Logic mungathe kulemba kusintha kwa liwiro ndipo oyimba onse adzatsatira. GarageBand ya iPad ili ndi liwiro limodzi nyimbo yonse. Mmenemo ingodulani ng'oma ndi besi bar imodzi kapena ziwiri nyimbo isanathe, muzimitse metironomu, kwaya imalize yokha ndi mpweya wake. Nthawi zambiri mathero amenewa amakoma kuposa a makina.

Mwina mukudzifunsa ngati nyimbo yoyimbidwa ndi oyimba a Apple idzakhale yanu. Chilolezo cha mapulogalamuwa chimakulolani kugwiritsa ntchito mawu a zida ndi ma loop ake m'nyimbo zanu, ngakhale zogulitsa, osalipira china; choletsedwa ndi kutenga mawuwo paokha n'kumawagulitsa. Nyimbo zimene munapeka nokha kazilembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza eni luso limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo gwirizanani m'kwaya, polemba papepala, kuti wopeka ndani nyimbo isanatuluke, pamene aliyense akadali wokondwa. Mu Logic mulinso Stem Splitter, imene pa iPad ya chip ya M imapatula nyimbo yojambulidwa kale kukhala mawu, ng'oma, besi ndi zina. Ndi yabwino pophunzira mmene woyimba besi waluso anayendera. Kuchotsa mawu a munthu wina n'kuyimba anu pa zida zake popanda chilolezo ndi kuba, ndipo lamulo la copyright la 2016 silisiyanitsa nyimbo yauzimu ndi ina.

Potumiza nyimbo kwa woisakaniza kapena ku wailesi, itulutseni ngati WAV, ndipo pa WhatsApp muitumize ngati document kuti ifike mmene ilili.

Musayambe ndi nyimbo zinayi zonse. Tengani imene anzanu anakana kuvina ija. Loweruka likubwerali zimitsani Drummer, besi ndi kiyibodi zonse, mutsale ndi metironomu ndi mawu anu. Itanani wa maseche, wa ng'oma yamanja ndi oomba m'manja atatu, mujambule zimenezo zokha, n'kuziyimbira kwaya pa sipika. Akadzuka ndi zimenezo, bwezeretsani kick, mumvere. Kenako besi yokonzedwa ndi mnyamata wanu uja, mumvere. Kenako dzanja lamanja la kiyibodi. Chida chimene chikalowa anthu n'kuyamba kukhala pansi, chitsitseni kapena chichotseni, ndipo mundilembere kuti chinali chiti.